Matabuleti ndi ana a Sitandade 1: mmene ntchito yayendera teremu ino

Sabata 1

Matabuleti tawalandira, alipo 12, iliyonse ndi mahedifoni ake. M'kaundula wa Madamu muli ana 60, ngakhale kuti sanabwerepo onse tsiku limodzi, ndiye tawagawa m'magulu asanu. Gulu lililonse limalowa kwa mphindi 25 m'kachipinda kamene kale munkasungidwa mabuku, ine ndikuyang'anira, enawo n'kumapitiriza phunziro m'kalasi. Pantchitoyi tilipo atatu: ineyo, Madamu a kalasiyi, ndi mnyamata wolemba pulogalamu yophunzitsa kuwerenga ya m'matabuletimo, yemwe ana amupatsa kale dzina loti achimwene a matabuleti. Nanenso ndayamba kuwatchula choncho.

Cholinga ndichilembe poyambirira pano kuti tikadzasochera tidzakhale ndi pobwerera. Pofika kumapeto a teremu, mwana azitha kutenga mawu amene sanawaonepo, olembedwa papepala, n'kuwawerenga mokweza munthu akumva.

Sabata yonseyi sitinaphunzitse lembo ndi limodzi lomwe. Tinkaphunzitsa chala. Ena amadinikiza sikirini ngati akupha nsikidzi, ena amagogoda ndi chikhadabo ndiye tabuleti siyankha, ena akagwira sachotsanso chala. Mahedifoni ndi aakulu, amatsetserekera kumaso. Kamtsikana kena, pulogalamu itakapatsa moni m'makutu, kanaimirira bwinobwino n'kuyankha mokweza kuti, "Ndili bwino, kaya inu?" Kenako kanadikira. Palibe anakayankha, ndipo kanandiyang'ana ngati ndakabweretsera mlendo wopanda ulemu. Makina athuwa amalankhula, koma makutu alibe.

Sabata 2

Tisanapite patali tinayesa ana mmodzimmodzi, potengera njira yoyesera kuwerenga yotchedwa EGRA, imene bungwe la RTI International linakonza mu 2006 ndipo yagwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri. Mwana amapatsidwa pepala la malembo 100 osakanizidwa, wotchi imayenda kwa mphindi imodzi, iye n'kumatchula liwu la lembo lililonse. Akakhala chete masekondi atatu umamulozera lotsatira. Akalephera mzere wonse woyamba umamuthokoza n'kuimitsa, kuti asazunzike chabe. Pambuyo pake pamabwera maphatikizo, mawu opeka opanda tanthauzo, ndi kankhani kakafupi.

Ambiri tinawaimitsa pamzere woyamba. Koma ana omwewo ukangowayambitsa kuti "a, e," kalasi yonse imalandira "i, o, u!" mpaka denga kugwedezeka. Kwa iwo ndi nyimbo. Ukaloza o ali yekha papepala, zii. Mnyamata wina anapeza nzeru yake: ankanong'ona nyimboyo kuyambira pa a, maso ali pankhope yanga, n'kuima pamene waona kuti ndasintha nkhope. Ndaphunzira kuyesa ana nkhope ili gwa.

Lipoti limene World Bank inatulutsa mu 2022 pamodzi ndi UNESCO, UNICEF ndi mabungwe ena linayerekezera kuti m'mayiko osauka ndi apakatikati, ana 70 pa 100 alionse a zaka 10 satha kuwerenga kankhani kosavuta n'kukamvetsa. Athuwa ali ndi zaka 6 ndi 7. Zaka zitatu kapena zinayi zimene zatsala kuti afike pamenepo zikuyambira pa pepala la malembo lomweli.

Sabata 3

Sabata yojambula mawu. Ndinkaona ngati titha masana amodzi, koma zatitengera masiku anayi.

Achimwene anayamba afunsa ngati tingagwiritse ntchito mawu a makina, aja amawerenga okha zolembedwa. Tinayesa, tinasiya msanga. Polemba Chichewa sitisonyeza kukwera ndi kutsika kwa mawu, ndiye makina akaona khungu sadziwa ngati ndi la pathupi kapena la maso. M'bale anamuwerenga ngati mbale. Mwana amene wangoyamba kumene kulumikiza zimene amamva ndi zimene akuona sungamupatse mawu opotoka chonchi. Tinagwirizana kuti mawu akhale a Madamu, amene ana anawazolowera kale. Tinawatsekera m'kabati yaikulu ya mabuku, titapachikamo mabulangete kuti mawu asamabwerere, foni ili pampando.

Mavawelo anayenda bwino. M, n, s ndi f nawonso sanavute, chifukwa umatha kuwakoka: mmm, sss. Vuto linabuka pa b, d, k, p ndi t. Maliwu amenewa amaphulika kamodzi n'kutha, ndipo pakamwa pozolowera Chichewa pamakana kusiya liwu lopanda vawelo kumapeto. Madamu akati anene b, pankatuluka "bu". Tikawauza kuti achotse u, pankatuluka "ba". Tinabwereza mpaka ndinasiya kuwerenga. Pomaliza anakankha chitseko cha kabati, thukuta lili kamukamu, n'kunena kuti, "Bambo, liwu limeneli lokhalokha m'Chichewa mulibe. Mukundikakamiza kutchula chinthu chimene sindinachimvepo kwa amayi anga."

Ananena zoona, ndipo nkhaniyi si yaing'ono. Mwana akaphunzira kuti b ndi "bu", tsiku limene adzaone ba adzawerenga "bua". Amene anaphunzitsidwa kunyumba mayina a malembo a Chingerezi ndiye vuto lake n'lalikulu: mawu akuti mano amasanduka "emu, e, eni, o," ndipo ngakhale atathamanga bwanji sangatulukemo mano. Choncho tasintha pulani. Maliwu okokeka tiziwaphunzitsa paokha. Ophulikawo mwana aziyamba kuwamva m'phatikizo, ba, be, bi, bo, bu, pasikirini b ali malo amodzimodzi, vawelo yokha ikusintha, mpaka iye mwini agwire chimene sichikusinthacho.

Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti kalembedwe kathu n'kokhulupirika. Zimene walemba ndi zomwe umatchula, pafupifupi nthawi zonse. Philip Seymour ndi anzake, mu kafukufuku wawo wa mu 2003 woyerekeza zinenero 13 za ku Ulaya, anapeza kuti ana ophunzira zinenero zolembedwa mokhulupirika chonchi, monga Chifinishi, Chigiriki ndi Chitaliyana, ambiri amakhala akuwerenga mawu osavuta molondola chaka choyamba chisanathe, pamene a Chingerezi amatenga nthawi yoposa kuwirikiza kawiri. Ku Finland komweko ndi kumene kunachokera masewera a GraphoGame, ku yunivesite ya Jyväskylä, motsogozedwa ndi Heikki Lyytinen. Maziko ake ndi amodzi: mwana amva liwu, asankha lembo lake, abwereza, abwerezanso. Pulogalamu yathu yatengera maganizo omwewo. Ngati mwana wa Chichewa afika Sitandade 3 osawerenga, chinenero chake sichinamulakwire.

Sabata 4

Kabati yotchajira ili ndi mabowo 12 koma awiri sakugwira, ndiye matabuleti awiri amayamba tsiku ali ndi njala. Mahedifoni atatu aduka waya pamalo amodzimodzi, pafupi ndi pulagi, chifukwa ana akamaliza amakoka chingwe. Amodzi ali ndi zipsera za mano. Ahedi atandipeza ndikumata mawaya ndi tepi anangoti, "Walira mvula walira matope, bambo," n'kupitirira. Tasankha ana awiri pagulu lililonse oti azizula mahedifoni a anzawo, ndipo udindowu akuukonda mopitirira muyeso.

Popeza sadziwa kulemba mayina awo, aliyense amalowa podina chithunzi cha nyama yake. Tapeza kuti akalulu ndi anjovu akubwerekana: mwana amalowa pa nyama ya mnzake chifukwa kumeneko kuli nyenyezi zambiri. Tsopano ndimatsegula ndekha.

Sabata 5

Lipoti loyamba latuluka. Pulogalamu imasunga zonse, kuti mwana wadina kangati, wadutsa masitepe angati, wakhalapo mphindi zingati. Achimwene abwera ndi magalafu, mizere yonse ikukwera. Pafupifupi ana onse amaliza mavawelo, ambiri alowa m'maphatikizo a m, n ndi l. Ahedi atenga pepalalo kukaonetsa aphunzitsi ena. Ine ndalembera kalata amene anatipatsa matabuleti, kuwauza kuti zikuyenda kuposa mmene tinkayembekezera.

Sabata 6

Lachiwiri ndinakhala kumbuyo kwa mnyamata amene lipoti likuti ali patsogolo pa onse. Ndinkafuna kuona mmene katswiri amachitira. Mahedifoni anali m'khosi, ngati mkanda. Pasikirini pabwera maphatikizo atatu, mawu a Madamu akulira pachifuwa pake pomwe palibe khutu, iye wadina lapakati. Nyenyezi. Abwera ena atatu, wadina lapakati, lalakwika, lazimiririka. Wadina lakumanja, nyenyezi. Chala chinkangoti waliwali. M'mphindi 25 anadutsa masitepe anayi osamva liwu ndi limodzi lomwe.

Ndinamufunsa kuti, "Iwe, umadziwa bwanji loyenera?" Anandiyang'ana modabwa kuti munthu wamkulu chonchi sindidziwa zimenezi. "Mumangoyambira pakati, sala. Likachoka mumadina lina."

Ndinatenga choko n'kulemba mawu akuti mano pasileti. Anayang'ana, anayang'ananso, kenako anafunsa kuti chithunzi chake chili kuti.

Madzulo ake tinakhala pansi ndi achimwene n'kusuzumira m'kati mwa pulogalamu. Zolakwa zinali zathu zokhazokha. Yankho lolondola linkagwera pakati kawirikawiri kuposa m'mbali, chifukwa cha mmene anasakanizira, ndipo mwana wa zaka 6 anazigwira ife tisanazione. Yankho lolakwika likadinidwa linkachoka, choncho pa zinthu zitatu sungalephere koposa kawiri. Lipoti lathu lokongola lija linkawerengera kumaliza ngati kukhoza. Pamasewera a mawu, chithunzi chinkabwera limodzi ndi mawuwo, ndiye mwana ankawerenga galu wojambulidwayo, malembo anayi a pansi pake osawayang'ana n'komwe.

Sitinagwirizane nthawi yomweyo. Achimwene ankati tikalimbitsa masewera ana agwa ulesi, ndipo pulogalamu imene mwana safuna kuitsegula siphunzitsa kanthu. Pamenepo sanalakwe. Ine ndinkati mwanayo sanatinamize, waphunziradi zimene tinamuphunzitsa, kungoti zimene tinamuphunzitsazo si kuwerenga. Mawu anayamba kukwera. Madamu, amene ankachonga makope pakona, sanadzutse n'komwe mutu. Anangoti, "Inu mukanandifunsa. Ameneyo m'kalasi sadziwa ngakhale n." Palibe anawafunsa. Masabata asanu athunthu tinkamvera galafu, munthu amene amatandala ndi anawo tsiku lonse ali pomwepo.

Dzenje limeneli ena anagweramo kale, ndipo ndi anthu a ndalama ndi akatswiri kuposa ife. Mu 2007 unduna wa zamaphunziro ku United States unatulutsa zotsatira za kafukufuku wamkulu wa mapulogalamu ophunzitsa kuwerenga ndi masamu, ena mwa iwo a ana a giredi yoyamba, ndipo patatha chaka makalasi amene ankagwiritsa ntchito mapulogalamuwo sanasiyane kwenikweni ndi anzawo pamayeso. Ku Peru, kumene boma linagawa malaputopu a One Laptop per Child, ofufuza a Inter-American Development Bank anatsatira masukulu 319, ndipo mu 2012 ananena kuti patatha miyezi 15 pa masamu ndi chinenero panalibe kusintha kooneka. Zonsezi ndinaziwerenga tisanayambe ntchitoyi. Ndinkangoona ngati zimagwera ena.

Ndalemba kalata ina yokonza ya sabata yatha ija. Yachiwiriyi inanditengera usiku wonse.

Sabata 7

Takonza. Malo a yankho tsopano akusakanizika bwino. Lolakwika silichokanso: mwana akaphonya, mawu a Madamu amatchula limene wadinalo, "Ili ndi na," kenako amabwereza limene likufunika, malo n'kusinthanso. Mwana akadina mawu asanathe kutchulidwa, sikirini imangokhala duu. Chithunzi chikubwera pambuyo, ngati mphotho. Lipoti likuwerengera kudina koyamba kokha. Ndipo liwu limene mwana waphonya limabweranso patapita mafunso angapo, n'kudzabweranso mawa lake.

Mfundo yomalizayi achimwene anaikondwerera ngati aitulukira okha, mpaka ndinawauza kuti Richard Atkinson ndi anzake ku yunivesite ya Stanford ankachita zofanana nazo m'zaka za m'ma 1960, ana atavala mahedifoni, akuloza sikirini ndi cholembera chowala, pa kompyuta ya IBM yofuna chipinda chakechake. Makinawo achepa mpaka kulowa m'chikwama, koma funso limene amayankha ndi lomwe lija: mwana uyu, panopa, apatsidwe chiyani? Apa ndiye ndivomereze kuti kompyuta imatiposa. Madamu sangasunge m'mutu kuti mwa ana 60 ndani amasokoneza b ndi d, ndani amatembenuza u kukhala n. Tabuleti imasunga, ndipo ikabwereza chinthu ka 30 siusa moyo kapena kukweza mawu. Kwa mwana wamanyazi amene m'kalasi sakweza dzanja, kulakwa palibe womuseka ndi chinthu chachikulu.

Mizere ya galafu yagwa pafupifupi yonse. Katswiri wathu uja wabwezedwa ku mavawelo ndipo analira. Ndinakhala naye, mahedifoni ndinamuveka ndekha. Za ulesi zimene achimwene ankaopa zaoneka pa ana angapo, amene ayamba kupempha kutuluka nthawi isanakwane. Tafupikitsa masitepe kuti nyenyezi isamachedwe kwambiri.

Sabata 8

Tayamba chinthu chimene m'pulani munalibe. Gulu likamatuluka ndimakhala pakhomo ndi makadi olemba pamanja, ndipo mwana aliyense amandiwerengera khadi limodzi kapena awiri asanadutse. Theka la mphindi pa mwana. Chifukwa chake n'chakuti pasikirini mwana amamva liwu n'kusankha lembo pa atatu amene amuikira kale. Papepala amaona lembo, liwu n'kulitulutsa yekha m'mutu mwake, palibe womuikira. Njira yachiwiriyi ndiyo kuwerenga, ndipo tabuleti yathu singaiyese chifukwa siimva. Ndinafunsa achimwene ngati maikolofoni ingathandize. Anandiuza kuti ndimvetsere chipindacho ana 12 akulankhula nthawi imodzi, ena mano akutsogolo ataguluka, ndipo funsolo ndinalibweza.

Lachinayi kamtsikana ka moni kaja kanafika pakhomo. Pakhadi panali mawu akuti ana. Kanaika chala pa lembo loyamba. "A." Chala chasuntha. "Na." Chete. "A... na. A... na." Kankatchula ngati anthu awiri osadziwana amene akhala pabenchi imodzi. Ndinaluma lilime kuti ndisakathandize, anzake kumbuyo akukankhana. Kachitatu kanafulumirako pang'ono, "a-na," ndipo maso anangoti tong'o. "Ana! Ana ngati ifeyo?" Ndinati eya. Kanatembenuka n'kuuza mnzake kuti, "Apa alemba ife." Kanafuna khadi lina, ndi linanso, mpaka ndinachita kukapirikitsa kuti kapite m'kalasi.

A ndi na kanaphunzira pa tabuleti, sindikukana. M'kaundula wa pulogalamu zikuoneka kuti na kanamubwereza kambirimbiri. Koma zidutswazo zinasandukira mawu pakhomo paja, ndipo m'lipoti la sabata ino mulibe mzere wosonyeza zimenezo. Ana ambiri aima pamalo omwewa: maphatikizo akuwadziwa, kuwalumikiza kukuwakanika. Tapempha achimwene apange sitepe yatsopano, maphatikizo awiri akuyandikirana pang'onopang'ono pasikirini, mawu a Madamu akufulumira nawo mpaka agundana.

Sabata 9

Madamu anadandaula kuti m'kalasi iwo ali pa k pamene tabuleti ikupatsa ana s, ndipo ofooka akubalalika. Tasanja malembo a m'pulogalamu kuti azitsatira buku lawo, tabuleti izibwera pambuyo kudzakhomerera zimene iwo ayamba. Tikanatero tsiku loyamba lomwe. Ku Lusaka, Jacqueline Jere-Folotiya ndi anzake atayesa GraphoGame ya Chinyanja pa mafoni ndi ana a giredi 1, analemba mu 2014 kuti zinayenda bwino koposa kumene aphunzitsi ndi ana omwe anagwiritsa ntchito masewerawo. Tsopano Lachisanu lililonse Madamu amatenga tabuleti imodzi kukaona zimene ana akumane nazo sabata yotsatira, ndipo apeza kale zolakwa ziwiri m'mawu awo omwe.

Ana a patsogolo afika pa malembo ophatikizana, ndipo apa pulogalamu yathu inali yosakonzeka. Inkaona h ngati lembo loima palokha, ndiye pha inkamudula p, h, a. Koma h wa mu ph, th ndi kh ndi kampweya kotsatira liwu, ndipo kampweya kameneko kamasintha tanthauzo: ponya ndi phonya, kola ndi khola. Pakhomo ndayamba kuika kapepala kopyapyala patsogolo pa milomo ya mwana. Akati pa, sikagwedezeka. Akati pha, kamauluka. Tsopano kalasi yonse ikungouzira mapepala, Madamu akuti ndawayambira chipwirikiti. M'mahedifoni athuwa kusiyana kumeneku kumamveka movutikira, choncho tabwereranso m'kabati muja kukajambula mwatsopano, foni titaiyandikizako.

Ng' naye anatipusitsa. Pulogalamu inkataya kachizindikiro kake poganiza kuti n'kopanda ntchito, ng'oma yoimba n'kusanduka ngoma ya kutchire. Achimwene akonza, ndipo aikanso lamulo loti ng', ny, mb, nd, nkh ndi ena otere azisuntha ngati chinthu chimodzi, asamadulidwe. M wa mu mtengo ndi mpando, amene amaima yekha ngati phatikizo, tamusungira teremu yamawa.

L ndi r tagwirizana kuti asakumane m'funso limodzi. M'makutu mwa ana ambiri ndi liwu limodzi, ndipo zoti r amalembedwa pambuyo pa i ndi e ndi lamulo la kalembedwe, lidzabwera nthawi yake. Kuwaika pamodzi panopa kungakhale kulanga mwana khutu lake lisanalakwe.

Sabata 10

Tinakumana ndi makolo. Amayi ena anafunsa ngati maso a ana sawonongeka, ndipo tinawaonetsa wotchi imene imatseka pulogalamu mphindi 25 zikakwana. Bambo wina anaimirira n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ine ndinamva kuti kwina ana amaphunzira okha ndi zimenezi, popanda mphunzitsi. Nanga Madamuwa ntchito yawo ithera pati?"

Zimene anamvazo zili ndi pochokera. Mpikisano wa Global Learning XPRIZE, umene ndalama zake anapereka Elon Musk, unayesa mapulogalamu asanu kwa miyezi 15 m'midzi ya m'chigawo cha Tanga ku Tanzania, m'Chiswahili, ndi ana amene ambiri sanali pasukulu. Mu 2019 eni mapulogalamu a onebillion ndi Kitkit School anagawana mphotho ya madola 10 miliyoni, ndipo ana anaphunziradi. Ndinawafotokozera bambowo kuti kwa mwana amene alibiretu mphunzitsi, tabuleti yabwino ndi thandizo lenileni. Koma pulogalamu ya onebillion yomweyo, pamene boma la Malawi linayamba kuifalitsa m'masukulu a pulayimale kudzera mu ntchito yake yotchedwa BEFIT mu 2023, linaipereka m'manja mwa aphunzitsi, m'nthawi ya sukulu. Kenako ndinawauza nkhani ya mahedifoni a m'khosi, dzina la mwana osatchula. Anaseka, ndipo Madamu anaseka kuposa onse.

Pali mwana mmodzi amene akundipatsa maganizo. Kwawo salankhula Chichewa, anabwera chaka chino. Pakhomo amawerenga makadi mosadodoma kuposa anzake ambiri: mano, lima, kona. Ndikamufunsa kuti andiloze mano, amayang'ana pansi. Philip Gough ndi William Tunmer anafotokoza mu 1986 kuti kumvetsa zimene wawerenga kumachokera pa zinthu ziwiri zochulukitsidwa, osati zophatikizidwa: kutha kusandutsa malembo kukhala mawu, ndi kumva chinenerocho chikamalankhulidwa. Chimodzi chikakhala ziro, zonse ndi ziro. Katswiri wathu uja chinenero ali nacho, malembo analibe. Uyu malembo ali nawo, chinenero alibe. Pulogalamu yathu imagwira mbali imodzi yokha, ndipo kwa mwana ameneyu ikusonyeza nyenyezi zokhazokha. Ahedi anaganizapo zochotsa mphindi zimene Madamu amawerengera ana nthano kuti nthawi ya matabuleti ichuluke. Takana, tonse atatu. Mwanayo tamukhazika kutsogolo pa nthawi ya nthano, pafupi ndi mnzake wolongolola.

Sabata 11

Masiku awiri apita ndi zokonzekera mayeso a sukulu yonse. Tabuleti imodzi yasweka sikirini, inagwa potchaja. Sitepe yolumikiza maphatikizo yafika ndipo ikugwira, ngakhale kuti mawu amatsalira pang'ono malembo akagundana.

Sabata 12

Tayesanso ana onse amene analipo, papepala, njira yomwe ija, koma ndi mawu opeka atsopano. Mawu opeka amathandiza chifukwa mwana sangawaloweze kapena kuwalota pachithunzi. Ku England, kuyambira 2012, ana a chaka choyamba amayesedwa ndi mawu 40, theka lake opeka, pa chifukwa chomwechi.

Amene tinawaimitsa pamzere woyamba atsala owerengeka, ndipo pafupifupi onsewo ndi aja ojombajomba. Tabuleti singaphunzitse mwana amene sanabwere. Gulu lalikulu likutchula malembo ndi maphatikizo amene taphunzitsa, ena mochedwa, chala chili papepala. Owerenga mawu athunthu alipo koma sanafike theka, choncho cholinga chimene ndinalemba m'sabata yoyamba chija tachikwaniritsa pa ena okha. Kankhani ka kumapeto anakayesa ndi ochepa kwambiri. Kalasi yoyerekezera nayo tinalibe, ndiye m'lipoti sindilemba kuti achita ndi matabuleti. Ndilemba kuti tabuleti, buku la Madamu ndi makadi a pakhomo zinayendera limodzi, ndipo nditumiza mapepala a mayeso m'malo mwa magalafu.

Katswiri wathu uja anafika pa mawu opeka. Anaika chala. "Ne... fu. Nefu." Anadzutsa mutu. "Sala, nefu n'chiyani?" Ndinamuuza kuti palibe, ndangopeka. "Ndiye mwalemberanji?" Wotchi inali ikuyenda, ndinangomulozera mawu otsatira.

Zotsalira teremu yamawa: mabowo awiri a kabati yotchajira, mahedifoni asanu, sikirini imodzi, kujambula mawu a maphatikizo a malembo atatu ndi anayi, ndi tinkhani tifupitifupi togwiritsa ntchito malembo okhawo amene ana aphunzira, timene Madamu ayamba kale kulemba m'kope lawo. Chimene sitinagwirizane ndi cha pakhomo. Teremu yamawa ine ndizibwera masiku awiri okha pasabata, ndipo Madamu sangasiye ana 48 m'kalasi kuti akagwire makadi. Ahedi akuti tiyese ophunzira a Sitandade 7 mosinthana. Madamu akuti ameneo azingowauza anzawo mayankho chifukwa cha chisoni. Achimwene akufuna tiyesenso maikolofoni, mwana mmodzimmodzi pakona. Tikumana Lolemba la sabata yotsegulira, ndipo makadi ndawasiya m'kabati, pamwamba pa mabulangete.